Mkono wovulala kwambiri ungathe kupulumuka: dziwani za chigamba chamoyo

 Ulendo uno tikambirana za mabala akuluakulu a pamkono, makamaka chigawo chija choyambira pachigongono kufika padzanja. Tikunena mabala amene khungu ndi mnofu zachoka, moti fupa kapena mitsempha ikuonekera poyera.

Munthu akavulala chonchi, mawu amene amamveka kawirikawiri m'midzi mwathu ndi akuti, "Musapite naye kuchipatala chachikulu, akamudula mkono." Chifukwa cha mantha amenewa, wovulalayo amasungidwa kunyumba masiku ambiri kufikira bala litayamba kununkha. Akafika kuchipatala mkono utaola kale, madokotala amasowa pogwira, ndipo chimene abale amaopa chija chimachitikadi. Akatero amauza anzawo kuti, "Mwaona, tinanena ife." Komatu chimene chadulitsa mkonowo ndi kuchedwa.

Pali njira imene madokotala amatsekera mabala oterewa pogwiritsa ntchito khungu ndi mnofu za m'thupi la wodwala yemweyo. M'nkhani ino tizitcha njirayi kuti chigamba chamoyo. Werengani mofatsa, ndipo mukatha muwerengerenso anzanu amene sadziwa kuwerenga.

Kodi mabala oterewa amabwera bwanji?

Kwathu kuno ngozi zake mukuzidziwa kale. Lamba wa chigayo amakoka malaya kapena nsalu n'kulowetsa mkono wonse. Njinga yamoto imagwa pa phula la msewu wa N13, mkono n'kukhulika pansi mpaka fupa. Chikwanje chimaphonya podula nkhuni zochiritsira fodya, kapenanso anthu amatemana pa mkangano. Asodzi ndi amayi otunga madzi ku nyanja ya Amaramba, ku Chiuta ndi mu mtsinje wa Lugenda amakumana ndi ng'ona. Mwana kapena munthu wodwala khunyu amagwera pamoto. Waya wa magetsi amatentha mnofu wa mkati ngakhale kunja bala likuoneka laling'ono. Mphiri ndi njoka ija yolavulira malovu m'maso zili ndi ululu umene umaoletsa khungu ndi mnofu pamalo pamene zaluma.

Palinso ngozi ina imene timaipanga ndi manja athu. Mwana akathyoka mkono, ena amaumanga ndi timitengo ta nsungwi ndi luzi mothina kwambiri. Mkonowo ukayamba kutupa umasowa kotupira, magazi amaleka kuyenda, ndipo m'maola ochepa mnofu wa mkati umafa. Dokotala wa ku Germany dzina lake Richard von Volkmann analemba za vuto limeneli m'chaka cha 1881, ndipo mpaka lero likupundulabe ana. Zala zimapindika ngati zikhadabo za kabawi, osatambasukanso.

Mkono uli ndi chiyani mkati?

Tambasulani mkono wanu chikhatho chitayang'ana kumwamba, kenaka fumbatani mwamphamvu. Pafupi ndi dzanja muona tizingwe tikutukuka pansi pa khungu. Imeneyo ndi mitsempha yoyera, yolimba ngati chingwe, imene imakoka zala. Ikani zala ziwiri kumbali ya chala chachikulu, mumva kugunda. Umenewo ndi umodzi mwa mitsempha iwiri ikuluikulu yopititsa magazi kudzanja. Unzake uli kumbali ya chala chaching'ono. Mulinso mafupa awiri oyendera limodzi, amene amachititsa kuti muzitha kutembenuza dzanja, ndiponso minyewa itatu ikuluikulu yomwe imachititsa kuti zala zizimva kutentha, kuzizira ndi kukhudza, komanso kuti ziziyenda.

Zonsezi zili mothithikana pamalo aang'ono, ndipo pafupi ndi dzanja zakutidwa ndi khungu lopyapyala. Pa ntchafu kapena pa thako pali mnofu wambiri woteteza. Pamkono palibe. N'chifukwa chake bala loti pa ntchafu likanangopola ndi bandeji, pamkono lingathe kulanda munthu khasu, nkhafi, singano kapena cholembera moyo wake wonse.

Bwanji osangosoka, kapena kulisiya lipole lokha?

Bala losoka ndi lija khungu langong'ambika koma lonse lilipo. Ngati khungu lachoka lalikulu ngati chikhatho, kukoka mbali ziwirizo mokakamiza kumangothinitsa mkono ndi kutseka magazi.

Kulisiya lokha nakonso kuli ndi zovuta zake. Mtsempha wokoka zala ukakhala pamtunda umauma, umada, ndipo umafa m'masiku ochepa. Fupa losakutidwa limalowa tizilombo n'kuyamba kutulutsa mafinya kwa miyezi kapena zaka. Ngakhale balalo litapola patapita nthawi yaitali, chipsera chake chimakoka ndi kumata mitsempha pamodzi, dzanja n'kuuma. Choncho zinthu za mkatizi zimafuna chofunda, ndipo chofundacho chiyenera kukhala chamoyo, choyenda magazi.

Ntchito yoyamba ndi kuyeretsa

Dokotala asanatseke bala amayamba walitsuka ndi madzi ambiri ndi kuchotsa mnofu wonse wakufa, dothi, udzu ndi tizidutswa ta nsalu. Izi zimachitikira m'chipinda cha opaleshoni wodwala atagonetsedwa kapena mkono utachititsidwa dzanzi. Nthawi zambiri amabwereza kawiri kapena katatu, patapita tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa mnofu wina umaoneka wamoyo lero koma mawa n'kupezeka wafa. Mabala a ng'ona, a magetsi ndi a njoka ndiwo amatero kwambiri.

Inu abale musadabwe mukaona kuti bala lakula kuposa mmene linalili pobwera. Sikuti akuchipatala aliwonjezera dala. Chigamba choikidwa pamwamba pa mnofu woola chimaola nachonso. Ngati fupa lathyoka, amaligwiriziza ndi zitsulo, zina zoonekera kunja kwa mkono, kuti lisagwedezeke. Wodwala amalandiranso mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata.

Njira ziwiri zotsekera bala

Inu alimi a fodya mumvetsa msanga. Mukazula mbande ku nazale n'kukaiwokera m'munda, imagwira ngati nthaka ili yabwino ndi yachinyezi. Mukaiika pathanthwe imauma. Njira yoyamba ili chimodzimodzi. Dokotala amasenda kakhungu kopyapyala kwambiri, kawirikawiri pa ntchafu, n'kukayala pabala. Kakhunguka kalibe mtsempha wakewake. Masiku awiri oyamba kamangoyamwa madzi a m'thupi ochokera pabalapo, kenaka timitsempha tatsopano timalowamo, ndipo pakatha masiku asanu kapena sabata kamakhala katagwira. Pa ntchafu paja pamapola pokha m'masabata awiri kapena atatu. M'zipatala za kuno ku Mozambique njirayi mudzamva akuitcha enxerto, pomwe ku Malawi amati graft. Imagwira bwino pamnofu wofiira, koma pafupa losendeka kapena pamtsempha wouma siigwira. Pamenepo ndi pathanthwe.

Njira yachiwiri ndiyo chigamba chamoyo, chimene m'Chipwitikizi amati retalho, m'Chingerezi flap. Apa dokotala amatenga khungu lonse pamodzi ndi mafuta ake, nthawi zina ndi mnofu womwe, koma osadula mtsempha umene umalidyetsa. Taonani mmene dzungu limayangira. Nthambi yake imayenda pansi ikudyabe kuchokera kutsinde, ikafika patsogolo imamera mizu yakeyake, ndipo pamenepo mungaidule kutsinde osafa. Chigamba chamoyo chimafika pabala chili ndi magazi ake. Motero chingathe kufunditsa fupa ndi mitsempha, chimabweretsa mankhwala ndi asilikali a m'thupi olimbana ndi tizilombo, ndipo pansi pake mitsempha yokoka zala imatha kutsetsereka bwino.

Mitundu ya chigamba chamoyo

Mtundu woyamba ndi wa pafupi pomwepo. Ngati bala si lalikulu ndipo khungu la m'mbali mwake ndi labwino, dokotala amadula khungulo mbali zitatu, kusiya mbali imodzi, n'kulitembenuzira pabala. Pamene lachokapo amasoka kapena kuyalapo kakhungu ka pa ntchafu kaja.

Mtundu wachiwiri umachokera pamkono womwewo koma pataliko pang'ono. Chigambacho chimatengedwa chitalendewera ku mtsempha wake ngati chipatso ku phesi, n'kuzunguliridwa kukafika pabala la pafupi ndi dzanja. Chodziwika kwambiri ndi chimene madokotala a ku China, motsogozedwa ndi Yang Guofan, anafalitsa m'chaka cha 1981. Popeza chimatenga umodzi wa mitsempha iwiri ikuluikulu ija, dokotala amayamba wayesa. Amatsina mitsempha yonse iwiri pafupi ndi dzanja, kenaka n'kumasula umodzi kuti aone ngati dzanja likubwerera mtundu wake. Ngati wotsalawo sungathe kudyetsa dzanja lonse pawokha, kapena ngati unavulala pangoziyo, amasankha njira ina.

Mtundu wachitatu ndi umene tikufuna muumvetse bwino, chifukwa ndi umene umadabwitsa anthu. Dokotala amatukula khungu la pamimba, kapena la m'munsi mwa chiuno pamene ntchafu imakumana ndi mimba, mbali imodzi ili yolumikizikabe ku thupi. Kenaka amabweretsa mkono wovulalawo pamenepo n'kusokerera khungulo pabala. Wodwala amadzuka mkono wake uli wosokedwa kumimba, ndipo umakhala choncho pafupifupi masabata atatu. Panthawiyi chigamba chikudya magazi a kumimba uku chikumera timitsempha tatsopano pamkono. Nthawi ikakwana amabwerera ku opaleshoni yachiwiri, yaifupi, kukadula polumikizira paja, mkono n'kumasuka uli ndi khungu lake latsopano. Madokotala awiri a ku Glasgow m'dziko la Scotland, Ian McGregor ndi Ian Jackson, ndiwo anafotokoza chigamba cha m'munsi mwa chiunochi m'chaka cha 1972. Ubwino wake ndi wakuti sichifuna makina apamwamba, chimafunditsa bala lalikulu, ndipo chipsera cha pamene chachoka chimabisika m'zovala. N'chifukwa chake chimagwiritsidwabe ntchito kwambiri m'maiko ngati athu ano.

Mtundu wachinayi uli ngati kumezanitsa mango. Chigamba chimadulidwa kotheratu, pa ntchafu kapena kumsana, pamodzi ndi mitsempha yake, ndipo mitsemphayo imalumikizidwa ku mitsempha ya pamkono. Mitsempha yake ndi yaing'ono, mamilimita awiri kapena atatu m'mimba mwake, ndipo amaisoka ndi ulusi wochepa kuposa tsitsi akuyang'anira pa makina okuza zinthu. Madokotala Rollin Daniel ndi Ian Taylor anaichita bwino ntchitoyi ku Melbourne m'dziko la Australia m'chaka cha 1973. Imatenga maola ambiri ndipo imafuna akatswiri ndi zipangizo zapadera.

Musaganize kuti zimenezi n'zoyeserera pa ife anthu akumudzi. Ku India, sing'anga wotchedwa Sushruta analemba za kukonza mphuno yodulidwa ndi khungu la patsaya zaka zoposa 2,000 zapitazo. Ku Italy, Gaspare Tagliacozzi anasindikiza buku m'chaka cha 1597 lofotokoza kukonza mphuno ndi khungu la pamkono, mkonowo utamangiriridwa kumutu kufikira khungu litagwira. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, dokotala Harold Gillies anakonza nkhope za asilikali ambirimbiri ku England pogwiritsa ntchito zigamba zolumikizika. Ndi nzeru yakale imene yakhala ikukonzedwa mibadwomibadwo.

Nthawi ndiyo mwini nkhani

M'chaka cha 1986 panatuluka zotsatira za ntchito ya dokotala Marko Godina wa ku Ljubljana, mzinda umene lero ndi likulu la dziko la Slovenia. Iye anaunika odwala 532 amene mabala awo a miyendo ndi manja anatsekedwa ndi zigamba zolumikiza mitsempha. Mwa amene anatsekedwa pasanathe maola 72, chigamba chinalephera kwa munthu wosakwana mmodzi pa 100 alionse. Mwa amene anatsekedwa pakati pa masiku atatu ndi miyezi itatu, chinalephera kwa anthu 12 pa 100 alionse. Masiku ano madokotala amatha kupulumutsa mikono ngakhale papita masiku angapo, malinga bala latsukidwa msanga ndi kusamalidwa bwino, koma cholinga chikadali chotseka bala m'sabata yoyamba.

Tsono werengerani nokha. Kuchoka ku Mandimba kupita ku Cuamba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150, ndipo kupita ku Lichinga kudzera ku Massangulo ndi chimodzimodzi. Kuchoka ku Cuamba kukafika ku Nampula ndi pafupifupi makilomita 350. Ulendo wokhawo ukudya kale nthawi. Mukawonjezerapo masiku atatu oyesa mankhwala azitsamba, ena awiri odikira amalume a wodwala kuti abwere adzavomereze, ndi ena ofunafuna ndalama ya chapa, sabata yatha bala lisanaone madzi oyera.

Thandizoli limayambira kuti?

Limayambira pa chipatala chimene chili pafupi nanu. Kumeneko amaletsa magazi, amatsuka bala, amabaya katemera wa kafumbata, amapereka mankhwala opha tizilombo ndi oletsa ululu, ndipo amalemba kalata yotumizira wodwala, ija timaitcha guia. Kalatayi muisunge ngati ndalama. Kuchokera pamenepo wodwala angatumizidwe ku chipatala cha Cuamba kapena ku Hospital Provincial ya ku Lichinga. Mabala ovuta kwambiri amapitirira ku Hospital Central ya ku Nampula, imene imalandira odwala a chigawo chonse cha kumpoto, ndipo ena amafika mpaka ku Hospital Central ya ku Maputo.

Dziko lathu linayamba kuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de cirurgia m'chaka cha 1984 pofuna kuti zipatala za m'maboma zikhale ndi anthu odziwa kuchita opaleshoni. Ntchito yotsuka bala ndi kuchotsa mnofu wakufa, imene ndiyo maziko a zonse, ili m'gulu la ntchito zimene anaphunzira. Kwa abale athu a tsidya la Malawi, njira imadzera ku chipatala cha boma la Mangochi, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chili ndi gawo loona za amene apsa ndi moto ndi ofuna kukonzedwa khungu. Kulikonse kumene muli, lolani achipatala akuuzeni kolowera, ndipo akati pitani, nyamukani tsiku lomwelo.

Zoti muchite ngozi ikangochitika

Tengani nsalu yoyera, ipindeni, ndipo dinikizani pabala mwamphamvu osachotsachotsa kuti muone. Ikanyowa onjezani ina pamwamba. Kwezani mkono kuposa pamtima. Ngati magazi akutumphuka ndipo akukana kuleka ngakhale mwadinikiza, mangani nsalu yotambalala pamwamba pa chigongono mothina kufikira ataleka, lembani nthawi imene mwamanga, ndipo mukauze achipatala mukangofika. Musagwiritse ntchito waya kapena mphira wa njinga.

Vulani mphete, zibangili ndi wotchi mkono usanatupe. Ngati pali dothi ndipo magazi aleka, thirani madzi aukhondo, owiritsa n'kuzizira kapena othira mankhwala ngati akumwa. Khungu limene likulendewera musalidule. Liyaleni pamalo pake n'kufunditsa. Ngati mkono wathyoka, ugonekeni pa kathabwa kapena katoni ndi kumanga momasuka, zala zikuonekera.

Wopsa ndi moto muthireni madzi ozizira bwino kwa mphindi 20, kenaka mufunditseni nsalu yoyera. Wolumidwa ndi njoka musamuteme, musamuyamwe, ndipo musamumange chingwe, chifukwa chingwecho chimatsekera ululu pamalo amodzi ndi kuoletsa mkono msanga. Mukhazikeni mtima pansi, mkono usagwedezeke, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Pabala musaikepo ndowe, dothi, phulusa, oyilo wa galimoto, madzi a batire, mankhwala otsukira mano, mazira, masamba otafuna kapena ufa wa m'makapisozi. Ndowe ndi dothi ndimo mumakhala tizilombo ta kafumbata. Wovulalayo musamupatse nsima kapena phala panjira, chifukwa angafunike kugonetsedwa akangofika, ndipo m'mimba mukakhala chakudya opaleshoni imachedwa. Tengani abale awiri kapena atatu athanzi amene angapereke magazi.

Kaya mkono wamangidwa kumudzi kaya waikidwa chikhakha kuchipatala, yang'anirani zizindikiro izi: ululu umene ukungokulirakulira osamva mankhwala, kulira kwambiri mukatambasula zala, dzanzi, ndi zala zotupa, zozizira kapena zosintha mtundu. Mukaona chimodzi mwa izi musadikire kuti kuche. Mnofu wosowa magazi umayamba kufa pakatha maola pafupifupi 6.

Masabata atatu a kupirira

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukhala mkono uli kumimba masabata atatu si chinthu chapafupi. Kusamba, kuvala, kudya ndi kupita kuchimbudzi zonse zimafuna wothandiza. Phewa ndi chigongono zimauma ndi kuwawa. Apa m'pamene inu wodikirira wodwala muli ndi udindo waukulu.

Onetsetsani kuti wodwala sakukoka mkono, makamaka akamadzuka kutulo kapena akangotsitsimuka ku mankhwala ogonetsa. Asagonere mbali ya chigamba, ndipo polumikizira paja pasapindike ngati paipi yamadzi, poti magazi angatsekeke. Masiku atatu oyamba ndiwo oopsa kwambiri. Yang'anani chigamba pafupipafupi monga anamwino akuuzirani. Chikakhala chofunda ndi chofewa, zili bwino. Chikazizira ndi kutuwa, magazi sakulowa. Chikatupa, kulimba ndi kuda kuposa kale, magazi sakutuluka. Itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kawirikawiri kungokonza kagonedwe ka mkono kapena kumasula ulusi umodzi kumapulumutsa chigamba.

Fodya ndi mdani wamkulu wa chigamba. Kaya ndi ndudu, chingambwe, wa pamphuno kapena woika m'kamwa, amafinya timitsempha tating'ono timene chigamba chikudalira. Ife timalima fodya, koma wodwala ameneyu amusiye kotheratu, ndipo odzamuona asasutire pafupi naye. Mowa nawonso ayambe wausiya.

Thupi limamanga mnofu ndi chakudya. Mpatseni nyemba, nandolo, mtedza, mazira, usipa, matemba, nyama ikapezeka, masamba ndi zipatso. Ena amati wa bala asadye mazira kapena nsomba, koma zakudya zimenezi ndi zomwe zimathandiza bala kupola. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a khunyu asadumphitse, ndipo auze dokotala za matenda awo onse mosabisa. Agone m'neti, chifukwa malungo amachepetsa magazi ndipo bala limachedwa kupola.

Chachikulu, musathawe naye m'chipatala, ndipo musayese kulekanitsa mkono ndi mimba kunyumba. Kudula nthawi isanakwane kumapha chigamba, ntchito yonse n'kupita pachabe.

Mafunso amene anthu amafunsa

Kodi mnofuwo ndi wa munthu wina kapena wa nyama? Ayi. Ndi wa wodwala yemweyo. Thupi limakana khungu la munthu wina, n'chifukwa chake chigamba chokhalitsa chimachokera m'thupi lomwelo. Palibenso chiwalo chimene chimatengedwa kupita kwina.

Kodi chigamba cha m'munsi mwa chiuno chimawononga mphamvu za m'banja kapena kubereka? Ayi. Chimene chimatengedwa ndi khungu ndi mafuta a pamwamba. Ziwalo zoberekera sizikhudzidwa.

Kodi mkono udzaoneka ngati kale? Osati ndendende. Chigamba chimakhala chonenepa kuposa khungu la pamkono, mtundu ungasiyaneko, ndipo chingamere tsitsi ngati kumene chinachokera kunali tsitsi. Patapita miyezi dokotala angathe kuchichepetsa. Poyamba sichimva kanthu, choncho samalani pophika, powotha moto ndi pogwira madzi otentha, poti mungapse osadziwa.

Kodi zala zidzagwiranso ntchito? Zimadalira zimene zinawonongeka mkati ndi khama lanu. Mitsempha yokoka zala ikasokedwa imafuna pafupifupi miyezi itatu kuti ilimbe bwino. Minyewa imamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, choncho kumva kwa zala kungatenge miyezi yambiri. Nthawi zina amayamba atseka bala, n'kudzakonza mitsempha ndi minyewa pa opaleshoni ina. Mafizo amene akuphunzitsani muzichita tsiku lililonse ngakhale akuwawa, ndipo masiku obwerera kuchipatala musawaphonye. Khasu ndi nkhwangwa zidikire mpaka dokotala atavomereza.

Nanga kudula kumakhalapobe? Inde, ndipo sitikubisirani. Ngati mkono waphwanyika kotheratu, wakhala nthawi yaitali wopanda magazi, kapena kuola kwayamba kukwera moti moyo uli pachiswe, dokotala amalangiza kudula kuti munthuyo akhale ndi moyo. Koma amayamba wafotokozera wodwala kapena abale ake ndi kupempha chilolezo. Muli ndi ufulu wofunsa kuti, "Adokotala, kodi palibe njira yotseka balali ndi chigamba? Nanga kutitumiza patsogolo sikungathandize?" Ngati Chipwitikizi chikukuvutani, pemphani womasulira. Paja safunsa anadya phula.

Mawu kwa mafumu ndi atsogoleri

Inu mafumu, mashehe, abusa, asing'anga ndi a makomiti a zaumoyo, anthu amamva mawu anu kuposa athu. Gwirizanani m'mudzi za njinga kapena galimoto yonyamula wovulala ndi kathumba ka ndalama zapangozi, kuti banja lisayambe kugulitsa mbuzi magazi akutayika. Lolani kuti amene ali pafupi atengere wovulala kuchipatala, eni mbumba adziwitsidwe pa foni ali panjira. Inu asing'anga, bala loonekera fupa ndi mkono wothyoka wa mwana muzitumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Eni zigayo tchingani malamba, ndipo antchito anu asavale zovala zolendewera. Odwala khunyu amwe mankhwala mosadumphitsa ndipo asakhale okha pamoto. Ana akapeza chitsulo chachilendo m'tchire asachigwire, koma auze akuluakulu kuti adziwitse apolisi. Dziko lathu linalengeza m'chaka cha 2015 kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira ayeretsedwa, komabe zipolopolo ndi zotsalira za nkhondo zimapezekapezeka.

Ngati muli ndi mafunso pa nkhaniyi, lembani kalata kapena fikani ku wailesi yathu, ndipo tidzawapereka kwa azaumoyo kuti akuyankheni pa pologalamu. Kapepala kano musakulungire fodya kapena usipa. Kapatsireni mnzanu, kafike ku mzikiti, ku tchalitchi, kusukulu ndi kuchigayo.